Zikomo Alandilodi, Tsopano Tilimo Atatu

Olemekezeka Bwana Eninyumba,
Nyumba ya Ophunzira ya Paradaiso,
Cape Coast.

Bwana,

Ndine Araba Essilfie, mwana wa mayi wogulitsa nsomba zowamba ku Winneba. Ndikuphunzira zauphunzitsi chaka chachitatu, ndipo ndine mmodzi mwa anthu amwayi amene mukuwasunga m'chipinda nambala 9. Simundidziwa, poti inu mumakhala ku Accra. Ife timangokuonani pachithunzi chimene munapachika pakhomo, mutafunda nsalu ya kente, mukumwetulira ngati munthu amene sanagonepo muno. Ndalemba poyera chifukwa foni yanu imayankhidwa mwezi wolipira lendi wokha, miyezi ina yonse imakhala ikupuma.

Ndiloleni ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mtunda. Chikwangwani chanu chimati Paradaiso ali pafupi ndi geti la yunivesite. N'zoona, Bwana, kwa mbalame. Ife oyenda pansi timazungulira dambo, kudumpha ngalande, n'kukafika m'kalasi aphunzitsi akufufuta pabolodi. Miyendo yanga yalimba mwakuti mayi akuti ndayamba kuyenda ngati msilikali.

Chachiwiri, madzi. Munalonjeza kuti chipinda chili ndi madzi m'kati, ndipo simunaname. Mpopi wokha ndiwo sunamve lonjezolo. Madziwo amadzera kudenga mvula ikamagwa, n'kulunjika pamtsamiro. Nditauza a Egya Kwamena, amene amakuyang'anirirani nyumba, anayang'ana kumwamba kwa kanthawi n'kunena kuti, "Mwana wanga, denga sindingalisunthe, koma bedi limasuntha." Ndinalisunthadi. Ndiye ndinazindikira kuti m'chipinda chanu muno ukasuntha bedi, chitseko sichitseguka. Ndinasankha kunyowa.

Chachitatu ndicho chandigwiritsa cholembera. Kuti ndilowe muno, mayi anagulitsa nsalu zimene ankasungira ukwati wanga, n'kukutumizirani lendi ya chaka chonse monga munalamulira. Mwezi watha, ndikuchokera kulaibulale, ndinapeza mtsikana atakhala pabedi langa akupesa tsitsi. Dzina lake Dzifa, wa ku Ho, wangoyamba kumene kuphunzira unamwino. Ndinamufunsa kuti walowa bwanji. Anandionetsa kiyi. Nane ndinamuonetsa wanga. Anati walipira chaka chonse, ine ndinati ndinayamba ndine. Tinakangana mpaka anzathu a m'zipinda zina anatulutsa mipando kuti aonerere atakhala. Kenaka Dzifa anangodzigwetsa pansi n'kuyamba kulira, akuti m'tauni muno sadziwa munthu ndi mmodzi yemwe. Ndikanatani? Ndinanyika gari, ufa wathu wa chinangwa wokazinga uja, m'mbale ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo timagona mosemphana, mutu wanga kumapazi kwake.

Titakadandaula, a Egya Kwamena anatitonthoza mwaulemu. "Iii, ana inu, abwana ndi munthu wotanganidwa. Mwina anaiwala kuti mmenemo muli kale munthu. Komanso nonse awiri ndinu owonda."

Tinazolowerana, Bwana. Iye amandifunsa mafunso a mayeso, ine ndimamubwereka mwendo kuti aphunzirirepo kumanga bandeji. Amaphika bwino kundiposa, ndipo sanabepo sopo wanga. Ndinatsala pang'ono kukulemberani kalata yothokoza yeniyeni.

Koma inu simutopa kuchitira anthu zabwino. Lolemba lapitali panagogoda Napari wa ku Tamale, atanyamula sutikesi, mbaula, fani, ndi kiyi wachitatu. Ulendo uno sitinakangane n'komwe. Dzifa anangomuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, zomwe zinatenga nthawi, n'kuti, "Achemwali, takulandirani, koma miyendoyo mukaisiya kuti?" Napari ndi wamtali, Bwana. Ku timu ya ntchemberembaye saponya mpira m'golo, amangouikamo. Akagona pansi mapazi ake amatulukira pakhonde, choncho chitseko sitikutsekanso, ndipo udzudzu wa kudambo walowa nawo popanda kulipira lendi. Ndakudziwitsani kuti musati tikukubisirani alendo.

Mayeso akuyamba sabata yamawa. Ine ndikuwerengera m'bafa, nditakhalira ndowa yovundikira, chifukwa ndi malo okhawo ouma m'nyumba yanu yonse. Mayi akandiimbira ndimawauza kuti zonse zili bwino, ndangopeza anzanga ambiri. Sindingawauze zoona. Ndikalephera chaka chino, kwathu kulibe nsalu zina zogulitsa.

Dzulo masana tinaona a Egya Kwamena akutsetserekera kumsika, kwa wosula makiyi, akuimba likhweru. Tinayang'anana atatufe, ndipo tinamvetsa.

Sitikupempha kuti mutibwezere ndalama ayi. Tinaleredwa bwino, sitingachititse manyazi munthu wamkulu ngati inu. Sitikupemphanso kuti mubwere kudzationa, poti tilibe pokukhazikani. Pempho lathu ndi laling'ono. Posankha wachinayi, chonde akhale wamfupi, wosaliza mkonono, ndipo ngati mtima wanu wabwinowo ungalole, akhale wophunzira zamalamulo chaka chomaliza. Malo tamukonzera kale pansi pa zenera, ndipo mlandu woti ayambirepo ntchito tili nawo.

Ine wanu wodzichepetsa, wopanikizidwira kukhoma,

Araba Essilfie
(m'malo mwa Dzifa ndi Napari, amene akanasaina nawo pakanakhala potambasulira mkono)