A Gerevazio ndi Anthu Opanda Nkhope

Ku Kasina aliyense amadziwa kuti malemu a Gerevazio sankauza kanthu munthu amene sakumuona nkhope. Ndiye taonani, ndi iwo omwewo amene ankayankha lamya ya pasitolo ya alimi a kachewere, kumene tonse tinkaimbirako.

Ikalira, ankavula chipewa, n'kuinyamula ngati mbatata yootcha.

"Ndani akulankhula?" amafunsa woimbayo.

"Mwaimba ndinu. Yambani ndinu."

Mwana wawo weniweni, Timoteyo, anaimbapo ali ku Lilongwe.

"Ababa, ndine!"

"Aliyense akhoza kutero. Galu wa a Ackim anakuluma pati?"

"Ababa, pano pali anthu..."

"Pati?"

Mnyamata wa tayi mpaka ananong'ona kuti pathako. Pamenepo ndiye anamufunsa za moyo.

Kukachita ziphaliwali, ankavindikira lamya ndi dengu n'kukhala pambali pake ngati nkhuku yofungatira. Ngakhale utabwera ndi uthenga wa ukwati, umadikira mvula ikate.

Jesinta, mkazi wa aphunzitsi a Dominiko, ankaseka nawo zimenezi, koma mobisa pakamwa ndi chitenje. Tsiku lina anabwera kudzagula mchere, mwana ali kumsana, mtima uli m'mwamba. Amuna ake anali atalankhula zotayirira pamowa za makadi a chipani, ndipo zaka zimenezo munthu wotere ankatengedwa ndi galimoto osabwerako.

Lamya inalira. Mawu ake ankamveka mpaka pakhomo.

"Ndine mkulu wawo wa a Dominiko. Lero ali pakhomo? Ndili ndi katundu wawo."

Jesinta anadziwiratu kuti n'bodza. A Dominiko anabadwa okha mwamuna.

A Gerevazio anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Akulu awo? Zikomo kwambiri. Ng'ombe ya bambo anu yothyoka nyanga ija, dzina lake inali ndani?"

"Iwe mdala! Ukudziwa amene ukulankhula naye?"

"N'chimene ndikufunsa, bwana."

Anaika lamya pansi mwaulemu, n'kuivindikira ndi dengu, kunja kuli dzuwa ngwee.

"Mayi, kukubwera mvula. Kaanuleni zanu."

Jesinta anasiya mchere pomwepo, liwiro. Pamene galimoto inkafika madzulo, a Dominiko anali atalowa kale tinjira ta ku Chongoni, ulendo wa kwa amalume awo kutsidya kwa malire. M'malo mwawo anthu a m'galimotomo anatenga a Gerevazio, koma anawabweza msanga. Akuti anatopa nawo, chifukwa funso lililonse ankaliyankha ndi funso. Anabwera akutsimphina, chipewa chili m'mutu, ndipo za mwendowo sanauzepo munthu.

A Gerevazio tinawaika m'manda chaka chatha, ndipo a Dominiko, amene anabwerako zinthu zitasintha, ananyamula nawo bokosi. Lamya masiku ano imangoyankhidwa ndi aliyense amene ali pafupi, dengu lili lende pamsomali. Pasitolo sipakusekedwanso ngati kale.

Koma dzana Jesinta anapeza kamtsikana kake, kamene kanali kumsana kaja, kataika chitsononkho kukhutu, nkhope ili gwa.

"Mwaimba ndinu," kakutero. "Yambani ndinu."