Swichi ya Wailesi mu Kompyuta ya Alamu

Mpaka lero ndikamva mawu oti "memori" ndimasintha nkhani.

M'zaka za m'ma 1980 ndinkakonza mawailesi pamsika wa Katete, uku ndikufunsira Tisa, mlongo wa aphunzitsi Tembo. Aphunzitsiwo anabwera kuchokera kumaphunziro kunja ndi kakompyuta kolumikiza ku TV. Analemba pulogalamu yosewera nsolo, koma inakana kukwanamo.

"Memori yachepa," anadandaula. "Chipu ina ya memori ndili nayo, koma poiika palibe."

"Basi vuto lomwelo, alamu? Bweretsani kuno," ndinayankha mokweza, poti Tisa anali pakhonde. (Kompyuta ndinali ndisanaitsegulepo chibadwire. Ulamuwonso ndinangodzipatsa.)

Ndinatenga chipuyo, kanthu kakuda ka miyendo yambirimbiri, ndikuibereketsa pamsana pa inzake imene inali kale m'makinamo, mwendo pa mwendo, nkuwotcherera ndi mtovu. Titayatsa, memori inali yomwe ija.

"Ubongo wa makinawa umaitana zinthu ndi adilesi," anatero aTembo. "Inu mwapatsa ziwirizi adilesi imodzi. Ukaitana, zikuyankhira pamodzi."

Wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinazula swichi pa wailesi ya eni ake ndikuimangirira kuti machipuwo azisinthana: theka la pulogalamu pansi, theka pamwamba. Makina akalira "pii", ine ndisinthe ndi chala. Poyesa zinatheka, ndipo mapewa anga anafika m'makutu.

Tsiku loonetsa kusukulu kunabwera amalume a Tisa ochokera ku Sinda, akatswiri a nsolo, amenenso anali oti avomereze ukwati wanga. Masewera a amalumewo ndi kompyuta anayamba bwino, amalume akuchita thukuta. Kenako munalowa mphunzitsi wina wamkazi, watsopano, maso anga nkumuperekeza mpaka pampando. "Pii" inalira ine maganizo ali kwina. Podzidzimuka ndinakankha swichi kawiri. TV inadzaza timizere, pulogalamu yonse nkufufutika.

"Yathawa!" anakuwa amalume, ana asukulu akufa ndi phwete.

Tisa, amene naye analipo, sanaseke. Anafunsa achimwene ake chimene ndinachita m'makinamo, iwo nkufotokoza zonse, osabisa kanthu. Kenako Tisa ananditembenukira.

"Ndiye inu chinthu chikachepa mumangoikapo chachiwiri pamwamba, muzisintha ndi chala? Ndaona kale mmene mumasinthira. Ine ayi, bambo."

Zinandiwawa, ndisaname. Chaka chisanathe anakwatiwa ndi kalaliki wa ku positi ofesi, munthu wodziwa kuti nyumba iliyonse ili ndi adilesi yakeyake.

Ine mpaka pano ndimati inalakwa ndi swichi.