Mbale za Eni Ake

Lolemba

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Tikiti ya amayi ikuti Lamulungu akukwera ndege kubwerera ku Ntcheu. Viza ikuwalola kukhala miyezi ina yambiri, ndipo tikitiyo ingasinthidwe mpaka Loweruka masana. Changotsala n'chakuti iwo avomere. Sakuvomera.

Ndawafunsa chifukwa. Akuti, "Ndakhala, ndaona, zili bwino." Kenaka apitiriza kupinda zitenje m'sutikesi ngati ndegeyo yaima panja ikuliza hutala.

Koma ine chifukwa ndikuchidziwa. Akusowa anthu. Munthu amene wagulitsa tomato pa Lizulu zaka makumi atatu, kulonjerana ndi basi iliyonse yodutsa, ndam'tsekera m'nyumba ku Mississauga, ku Canada kuno, miyezi isanu, ine n'kumalawirira ku Oakville kukasamalira nkhalamba za eni ake. Ndikufuna akhale. Akapita, sindikudziwa kuti ndidzawaonanso liti.

Ndiye ndakonza pulani. Tsiku lililonse chifukwa chimodzi chokondera mzinda uno, ndi umboni wake womwe:

1. Anthu ake ndi ansangala.
2. Mitundu yonse ya padziko ili pano.
3. Ndiwo za kwathu zimapezeka.
4. A kwathu nawonso alipo.
5. Mapaki okongola.
6. Ndiganizabe.

Pepalali ndamata pa firiji. Tadala, mwana wanga wa zaka khumi ndi zinayi, waliwerenga, waseka m'Chingerezi, walowa kuchipinda.

Chifukwa choyamba, madzulo ano. Ndaima nawo panja nthawi imene bambo wa patsidya pa msewu amayendetsa galu wake. Zaka zisanu ndi zinayi tikukwezerana dzanja. Dzina lake sindilidziwa, koma amamwetulira bwino kwambiri. Wafika, wandilumpha ine, wapereka moni kwa amayi, dzanja lamanzere litagwira chigongono ngati mkamwini. Amayi akuti, "Zikomo, zikomo." Iye akuti, "Zikomo, Mama." Kenaka watembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chingerezi ngati ndabwera kudzawaona Mama.

Kudzawaona! M'nyumba yangayanga!

Mwina ndi tsitsi, ndinaluka lina mwezi watha. Chifukwa choyamba ndachichonga, ngakhale mtima sunakhazikike.

Lachiwiri

Mitundu yonse. Ndaweruka msanga kuti ndiwatengere kumashopu aakulu aja a pakati pa mzinda, akaone Amwenye, Aluya, Matchaina, Afilipino ndi Azungu a mitundu yawo akuyenda malo amodzi popanda wotukwana mnzake.

Ndafika, amayi kulibe. Kukhitchini kuli mbale yachitsulo imene sindinagulepo, muli tizakudya tozungulira tonyowa ndi manyuchi. Ndafunsa Tadala. Waloza pa windo osachotsa maso pa foni.

Panja amayi akuyenda ndi agogo ena achimwenye a nyumba yoyandikana ndi yathu. Afika pakhomo pa agogowo, aima, agwirana manja. Atembenuka onse awiri, abwerera kuno. Afika pakhomo pathu, aima, agwirana manja. Atembenukanso! Ndawerenga kanayi. Amayi sangalole mlendo kupita yekha osam'perekeza, ndipo zikuoneka kuti kwawo kwa agogowo n'chimodzimodzi. Mtunda wake wonse ndi mapazi makumi awiri. Wina akulankhula Chichewa, wina chakwawo, koma onse akugwedeza mutu pa malo oyenera.

"Every day, Mom," akutero Tadala.

Pamene amalowa m'nyumba, za kumashopu zinali zitatha kale, ati miyendo yatopa. Ingaleke bwanji kutopa?

Ndawafunsa kuti amakambirana zotani. Akuti, "Za ana." Zotani za ana? Akuti, "Nawonso awo amachoka m'mawa."

Tizakudya tija ndi tokoma. Ndadya tinayi ndili chiimire.

Lachitatu

Ndiwo za kwathu. Lero ndiye ndiwadabwitsa!

Kuchoka kuntchito ndalunjika ku Scarborough, kushopu ina yogulitsa zakudya za ku Africa. Ola ndi theka pa msewu waukulu, magalimoto akuyenda ngati tikupita kumanda. Ndagula:

kapenta,
chinangwa,
nkhwani wa m'firiji wolimba ngati njerwa.

Ndaika pa tebulo monyadira. Amayi atenga nkhwaniyo, amugogoda ndi chala, amutembenuza. Akuti, "Ameneyu anamwalira liti?" Kenaka avundukula poto. Nkhwani wauwisi, wotendera, wothyola lero lomwe.

Kuseri kwa mpanda wathu kuli bambo wachikulire wachipwitikizi amene amalima maungu, masamba n'kumataya. Ine ndimadziwa kuti kuseriko kuli munthu poti ndimamva wailesi. Amayi anam'patsa moni m'Chipwitikizi chawo cha pa Lizulu, chija anatolera kwa a ku Mozambique obwera ndi mbatata, bamboyo ati anatsala pang'ono kugwa pa makwerero. Kuyambira pamenepo nkhwani amadutsa pamwamba pa mpanda kawiri pa sabata.

Tsopano ndamvetsa zinthu zimene zakhala zikusowa m'nyumba muno: ufa wa tirigu, shuga, mafuta ophikira, ndi mbale zanga zinayi zamaluwa. Ndimaganizira Tadala. Si Tadala. Ndi mandasi. Amayi akalandira kanthu, amabweza mbale muli mandasi. Akuti, "Mbale ya munthu ungabweze ilibe kanthu? Ndinakulera bwanji iwe?" Vuto n'lakuti anansiwo nawonso, mtundu uliwonse, sabweza mbale yopanda kanthu. Palibe amene akufuna kukhala womaliza kulandira. Nkhondoyi yatha miyezi itatu, ine osadziwa.

Njerwa yanga ndaibwezera m'firiji.

Lachinayi

Sindikufuna kulemba za lero, koma ndilemba.

Pulani inali yakuti madzulo tipite kwa mnzanga wina wa ku Zomba amene amakhala mphindi makumi anayi kuchoka pano, amayi akamve Chichewa cha munthu wina osati changa chokha. Masana ndili kuntchito, foni yalira. Uthenga wa amayi: "Ndapeza mbale pa nyumba ya chitseko chofiira ija. Ubwere msanga udzaone."

Ine ndi mbale ndatopa nazo. Ndayankha ndikuthamanga: "Ngati ndi yakuda itsukeni, muiike pa sinki. Ndidzaiona ndikapeza nthawi."

Foni ndaibwezera m'thumba.

Ndafika kunyumba, pabalaza pakhala mayi wina wooneka bwino, chitenje m'chiuno, kapu ya tiyi m'manja. Wandiyang'ana, wayamba kuseka mpaka tiyi watayikira. Akuti, "Osadandaula, amake Tadala, ninasamba kale. Koma pa sinki sinizakwanapo."

M'bale! Amatanthauza m'bale! Amayi pa foni saika tizizindikiro, ati timachedwetsa. Ndipo uthenga wanga anauwerenga mokweza, mlendo ali pomwepo.

Ndi amake Daliso, a ku Chipata, amagwira ntchito ku banki. Akhala nyumba yachinayi kuchoka pa yathu zaka zisanu ndi ziwiri. Anamva amayi akukalipira gologolo m'Chichewa, anaimitsa galimoto pakati pa msewu. Akuti kwa ine, "Nimakuonani mukudutsa na yunifomu, nenze kuganiza ndimwe a ku Jamaica." Ine ndimaganiza kuti iwo ndi a ku Jamaica.

Ndapepesa katatu. Kwa mnzanga wa ku Zomba sitinapite. Amayi aperekeza m'bale wawo mpaka pa chitseko chofiira, ndipo poti uyu ndi wakwathu, waloleza ulendo umodzi wokha.

Zifukwa zinayi zatha. Zonse n'zoona, koma palibe chimene ndawaonetsa ine.

Lachisanu

Tsiku langa lopuma. Paki! Masamba ayamba kufiira, dzuwa lawala, ndawiritsa mazira, ndathira tiyi m'fulasiki. Amayi avala nsapato zatsopano zija ndinawagulira atangofika. Akhala pampando pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo, theka la ola nthawi isanakwane.

Foni. Kuntchito. Awiri adwala, palibe wina, kodi ndingabwere? Ndinakonzeka kunena kuti ayi. Ndamva pakamwa panga pakunena kuti ndikubwera.

Amayi angovula nsapato.

Tsiku lonse ndakhala ndi agogo ena achizungu a m'chipinda cha kumapeto, amene ana awo amabwera pa Khirisimasi pokha. Ndawamwetsa phala, ndawapesa tsitsi, ndamvetsera nkhani ya ukwati wawo kachisanu. Mumtima ndikuti, anthu awa alibe manyazi, kusiya mayi wawo kuti azicheza ndi anthu achilendo! Ndanena zimenezi mumtima kawiri konse ndisanadzimve.

Ndabwerako, mazira kulibe, fulasiki yatsukidwa. Kupaki anapita. Anawatenga bambo wa galu uja ndi mkazi wake, pamodzi ndi agogo achimwenye. Tadala wandionetsa zithunzi zimene atumiza. Anthu onsewa ali ndi nambala ya mwana wanga! Pa chithunzi china amayi agwira chingwe cha galu, munthu amene kwathu galu akalowa pakhonde amam'gema ndi chitsononkho.

Akuti paki ndi yokongoladi. Andiuza kuti ndidzapiteko tsiku lina, sindidzanong'oneza bondo.

Loweruka

Masana akakwana, basi.

Ndakhala pa tebulo la kukhitchini kuyambira m'mawa, foni m'manja, tsamba losinthira tikiti lili chitsegukire. Chifukwa chachisanu ndi chimodzi sindinachipezebe. Amayi akukazinga mandasi otsanzikira msewu wonse, andifulatira.

Ndawerenga pepala lija mokweza, mzere ndi mzere. Avomera zonse. Ansangala, eya. Mitundu, eya. Nkhwani, m'bale, paki, eya. Ndiye mukupitiranji?

Atembenuza mandasi awiri kaye. Akuti, "Anansi ako ndi anthu abwino, sindikuthawa iwo. Koma anansi ndili nawo kale ku Ntcheu. Ine ndinakwera ndege zitatu kudzakhala ndi iwe."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino, ndikanayankha. Ndayamba kufotokoza za ntchito, za mashifiti, kuti kuno munthu sungangokana. Akuti, "Ndikudziwa, mwanawe. Sindikuti walakwa. Ndikuti ndakuona pang'ono."

Zandiwawa kwambiri, makamaka poti palibe bodza.

Ndati mwezi wamawa ndidzapempha tchuthi. Andiyang'ana ngati mmene anayang'anira nkhwani wa m'firiji uja. Mawu amenewa ndinawanenanso mwezi wachiwiri, ndi wachinayi.

Masana akwana ndikuthandiza kuwaza shuga. Foni yazima yokha pa tebulo.

Kuyambira pamenepo belu la pakhomo silinapume. Aliyense akubwera ndi kamba wa paulendo: mpunga wa zonunkhira, nsomba yamchere, makeke, zokazinga zimene sindikuzidziwa maina. Munthu mmodzi angadye zonsezi m'ndege? Ndatumikira tiyi m'nyumba yanga kwa anthu khumi ndi awiri, amayi akundionetsa kwa aliyense: "Mwana wanga, mwana wanga." Onse akuti amva zambiri za ine.

Lamulungu

Magalimoto atatu kuperekeza munthu mmodzi ku bwalo la ndege. Yanga inali pambuyo, ndi masutikesi. Amayi anakwera ya amake Daliso, koma titaima pa getsi lofiira lachiwiri anatsika pakati pa msewu, hutala zikulira, n'kudzakhala pambali panga. Mphindi khumi ndi zisanu zotsalazo tinali awiriwiri. Anangogwira dzanja langa limene silinali pa chiwongolero.

Agogo achimwenye anafuna kuwaperekeza mpaka mkati. Alonda anakana. Mwina n'chifukwa chake ndege inanyamuka pa nthawi yake.

Ndalira m'galimoto mpaka munthu wina wandigogodera windo kuti ndisunthe.

Kunyumba kuli zii. Pa tebulo pali mbale zisanu ndi imodzi za eni ake, zotsukidwa bwino, iliyonse ndi kapepala kake m'zilembo za amayi: Bambo a Galu. Bambo a Maungu. Anzanga Operekeza. Mayi a Tsabola. Mayi Oseka. Chitseko Chofiira. Dzulo ndinawauza kuti tibweze mbalezi eni ake akadali pano. Anakana dala. Pansi pa mbale yachitsulo asiya kapepala kena: "Ubweza ndiwe. Zisapite zopanda kanthu."

Mayi a Tsabola ndi Mayi Oseka sindikudziwa kuti amakhala nyumba iti. Ufa wa tirigu watha. Mandasi anga amalimba ngati miyala. Ndipo ndikudziwa kale mmene zimathera: ndikabweza zisanu ndi imodzi, zibweranso zisanu ndi imodzi.

Ndapita kuti ndimatule pepala la pa firiji. Pa mzere wachisanu ndi chimodzi afafaniza "Ndiganizabe", alemba mawu amodzi okha ndi bolopeni yofiira: mbale.

Kachizindikiro sanaike, monga mwa masiku onse. Ndaima pamenepo nthawi yaitali osadziwa kuti akunena ziti. Pepalalo ndalisiya pomwepo, ndatenga makiyi, ndikupita kukagula ufa.