Magiya a ku Kanakantapa

Kunyumba kwanga kuli lamulo latsopano, ndipo lamulolo likukhudza munthu mmodzi yekha, ine. Sindiloledwa kuyandikira tebulo la pakona pabalaza. Ana amadutsapo, mphaka amagonapo, koma ine mwini nyumba ndimalambalala ngati pali njoka. Lekani ndikusimbireni mmene zinafikira pamenepa, mwina inu mungandimvere chisoni, pakuti kunyumbako palibe amene ali nacho.

Ndine dalaivala wa minibasi, njira yanga ndi ya Chongwe kupita ku Kanakantapa. Amene mumaudziwa msewu umenewo mukudziwa kuti si wa ana. Ndanyamulamo matumba a chimanga, mabokosi a tomato, mbuzi, ndi amayi amene sakhulupirira kuti basi imadzaza. Choncho pa nkhani ya injini ndi magiya palibe amene angandiuze kanthu (umu ndi mmene ndinkaganizira masiku amenewo).

Mkazi wanga, amake Dalitso, ali ndi mng'ono wake dzina lake Taonga, amene akuphunzira zauphunzitsi ku Chalimbana. Laputopu yake amaisiya kwathu, pa tebulo la pakona lija, chifukwa tili ndi sola ndipo netiweki imagwira bwino, ndiye Loweruka lililonse amabwera. Ine ndi Taonga ndi pachilamu penipeni. Iye amanditcha bakha chifukwa cha kayendedwe kanga, ine ndimamutcha mkazi wanga wamng'ono wosadziwa kuphika, ndipo tsiku silidutsa tisanatukwanane mpaka kuseka.

Pa laputopupo ankasewera gemu ya mpikisano wa magalimoto ndi anzake a kusukulu, aliyense ali pamalo pake. Anagwirizana lamulo lakuti munthu akhale ndi injini imodzi teremu yonse. Ukaiyendetsa mwankhanza imatha pang'onopang'ono ngati yeniyeni, ndipo ikafa wafa nayo, palibe yosinthira. Pakona pa sikirini pamakhala kachithunzi ka injini kosonyeza moyo wake. Ka Taonga kanali kobiriwira, chifukwa injiniyo ankaigwira ngati dzira. Amene ankatsogola anali mnyamata wina, Mabvuto, yemwe ananena m'kalasi anthu onse akumva kuti malo a mkazi m'galimoto ndi mpando wa kumbuyo. Injini ya Mabvutoyo inali itatopa, ndipo mpikisano womaliza unali Loweruka likubweralo.

"Ba mulamu, uja nizamupitilila monga waimilila," anandiuza Taonga akunyamuka Lamlungu. "Teremu yonse nasunga injini yanga chifukwa cha yeve. Koma imwe osagwilako, manja yanu niyaziba."

"Iwe, ine niyendetsa motoka ya zoona," ndinamuyankha. "Tuzidoli twako sinitufuna."

Lachisanu basi yanga inagona ku galaja, sipiringi itathyoka. Amake Dalitso anali kumsika, ana kusukulu, ine ndekhandekha m'nyumba ndi laputopu. Ndinangofuna kuona. Munthu kuona sikulakwa. Nditaona ndinati ndizungulire kamodzi kokha, ndimve mmene zidolezi zimayendera.

Abale, galimotoyo inali yokongola koma yaulesi. Ukaponda mafuta inkayamba yaganiza kaye, kenako n'kumanyamuka ngati munthu amene wakhuta. Ndinadziwa pomwepo kuti giya yoyamba ndi yaitali kwambiri. Galimoto yotere muiike matumba asanu a chimanga pa chitunda, ingabwerere chambuyo mpaka ku Chongwe. Ndinamumvera chisoni mlamu wanga, mwana wa eni akuvutika teremu yonse ndi galimoto yodwala pamene m'banjamo muli katswiri (zoti m'gemumo mulibe chimanga, ndipo msewu wake ndi wosalala ngati tebulo, sizinandidutse m'mutu).

Nditafufuzafufuza ndinapeza galaja ya m'gemumo. Giya iliyonse inali ndi kamzere kake koti ukhoza kukakoka uku kapena uko. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupempha amakanika kuti andikonzere giyabokisi mmene ndikufunira, iwo n'kumangondiseka, ndiye apa zonse zinali pansi pa chala changa. Ndinafupikitsa giya yoyamba. Yachiwiri inaoneka yosiyana ndi inzake, ndinaifupikitsanso. Mapeto ake ndinafupikitsa onse mpaka yomaliza. Ndili pomwepo ndinaona kuti galimotoyo ili pansi kwambiri, moti pa hampu yoyamba ingasiye mimba yonse pamsewu, ndiye ndinaikweza kuti ioneke ngati galimoto ya munthu wanzeru.

Poyesa, inanyamuka ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Ndisanafike pokhota poyamba magiya anali atatha, singano ili kofiira, injini ikukuwa. Ine ndinati eya, tsopano yadzuka.

Apa ndikuuzeni chinsinsi cha ntchito yathu. Ife a m'misewu ya fumbi mabuleki sitiwaseweretsa. Ukafuna kuchepetsa liwiro umatsitsa giya, injini igwire ntchitoyo, mabuleki apume kudikira tsiku la ngozi. Dzanja langa linazolowera zimenezi moti silifunsanso mutu. Ndiye pokhota paliponse ndinkachoka giya yomaliza n'kugwera yachiwiri, injini n'kulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Buleki sindinaiponde ngakhale kamodzi, ndipo ndinkanyadira kuti ndikumusungira mlamu wanga zipangizo.

Kachithunzi kaja kanasanduka kachikasu.

Sindinachite mantha, ndinati yangotentha. Ndinaimika galimotoyo m'mbali mwa msewu monga timachitira, ndinaisiya ikulira pang'onopang'ono kuti izizire, ine n'kupita kukaphika tiyi. Ndinatsegulanso zenera kuti laputopu ipitidwe mphepo (musaseke, inu mukanatani?). Pobwera, kachithunziko kanali kakadali kachikasu. Pamenepo ndinakumbukira kuti magiya atsopano amafuna kuzolowerana ndi injini, ndipo mankhwala ake ndi kuyenda. Ndinayenda, abale. Ndinazungulira msewu uja mpaka tiyi anazizira. Nditayang'ananso pakona, kachithunzi kanali psuu, ndipo kankaphethira.

Thukuta linayamba kutuluka ngakhale m'malo amene sindinkadziwa kuti mumatuluka thukuta. Ndinathamangira ku galaja kuja kuti ndibweze timizere tija, koma tonse tinkandiyang'ana mofanana, sindinakumbuke kuti kati kanali pati. Ndinangozimitsa laputopu, ndili ndi chikhulupiriro chakuti makina ukawazimitsa amaiwala. Ndinaifunditsa kansalu kake bwinobwino n'kupita kukakhala panja ngati munthu wosalakwa. Zoti gemuyo imasunga yokha chilichonse chimene wachita ndinazidziwa mawa lake.

Loweruka masana Taonga anafika mochedwa, ali wefuwefu, ndi anzake awiri aakazi amene anabwera kudzaonerera Mabvuto akuchita manyazi. Analibe nthawi yoyang'ana china chilichonse, anangoyatsa n'kulowa mu mpikisano anzake atamudikira kale. Amake Dalitso anabwera ndi mpando. Ine ndinaima pakhomo, mwendo umodzi uli panja.

Nyali zoyambitsira mpikisano zitayaka, galimoto ya Taonga inauluka. Magiya anga aafupi aja anagwira ntchito yawo. Taonga anadutsa onse ngati aima, Mabvuto yemwe, ndipo pofika pokhota poyamba anali yekhayekha kutsogolo. Atsikana aja anaimirira n'kumakuwa, amake Dalitso akululutira. Taonga mwini anadabwa.

"Ah, lelo motoka yanga yadya chani?"

Apa ndi pamene ndikanakhala chete. Munthu wanzeru akanatuluka panja kukayang'ana nkhuku. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinabweza mwendo uja, ndinalowa mpaka pakati pa balaza, chifuwa chili patsogolo.

"Ni ine," ndinatero. "Ni ine ninakonza magiya dzulo. Uona manje? Ndiye kusiyana kwa dalaivala na mwana wa sukulu."

Taonga sanacheuke, koma ndinaona khosi lake likuuma. Nthawi yomweyo msewu unawongoka, mtunda wautali wopanda pokhota, umene iye anakonzera magiya ake aatali aja. Galimoto inafika pamapeto a mphamvu zake, ikukuwa koma osaonjezera liwiro. Mabvuto anadutsa. Wina anadutsa. Anadutsanso mnyamata wina amene anzakewo anati teremu yonse sanadutsepo munthu.

"Taonga, ona injini yako," anatero mnzake mmodzi chapansipansi, akuloza kachithunzi kofiira kaja pakona. "Ili ledi."

Utsi unayamba woyera, kenako wakuda. Kunamveka phokoso ngati mapoto agwa pa thandala, galimoto n'kuyenda pang'ono yokha, n'kuima pakati pa msewu. Ndipo ine, chifukwa pakamwa panga palibe mabuleki, ndinafunsa ngati m'gemumo mulibe anthu oti angakankheko.

Foni ya Taonga inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa Mabvuto, ndipo mnzake uja anautsegula asanaganize. "Sisita, mpando wa kumbuyo ukalipo, nakusungilani."

Ndinadikira kuti anditukwane. Ndinali wokonzeka kutchedwa bakha, fisi, chilichonse, ndipo ndikanavomera. Koma anatseka laputopu mwakachetechete, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kulowa kuchipinda. Chinthu chimene anachisamala teremu yonse ine ndinachipha tsiku limodzi, ndipo chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinachita kumuonjezera mawu mnyamata wachipongwe uja.

"Atate ake Dalitso," anatero mkazi wanga akunyamula mpando wake, "basi yanu ili ku galaja, ya mwana nayo mwaipeleka ku manda. Pali china chamene mufuna kukonza pano tibise?"

Chilango chenicheni chinayamba madzulo ake. Taonga anabwera ndi madzi osamba m'manja, anagwada pansi mawondo onse awiri, maso pansi, n'kunena kuti, "Chakudya chapsa, atate." Atate! Mlamu wanga amene ankandilanda nyama m'mbale anayamba kundipatsa ulemu wa apongozi. Tikakumana pakhomo ankapatuka n'kuwomba m'manja. Masabata anadutsa zili choncho, ndipo ndikuuzeni zoona, palibe chitukwano chimene chinandipwetekapo ngati ulemu umenewo.

Teremu yatsopano itayamba ndinagula tambala wamkulu ku Kanakantapa, ndinavala malaya a kutchalitchi, n'kukakhala pansi pabalaza pamene iye ankayesa galimoto yake yatsopano. Ndinapepesa ndi mtima wonse, mkazi wanga ali mboni. Ndinati ndinalakwa, ndinagwira chinthu cha eni, ndipo sindidzalowereranso nkhani imene sindikuidziwa. Taonga ankamvetsera akuyendetsa, nkhope ikufewa pang'onopang'ono. Zonse zinkayenda bwino. Koma khutu la dalaivala silipepesa nawo. Ndili pakati pa mawu akuti "sinizabwelezanso", ndinamva injini ija ikusintha giya, ndipo pakamwa panga panapitiriza pokha.

"Koma iyo giya yachitatu ichedwa kungena."

Mkazi wanga anagwira kumutu. Taonga anaimitsa gemu, anatembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi kwa nthawi yaitali.

"Sisi," anatero osachotsa maso pa ine, "tengani nkhuku muphike. Iyi bakha ichokepo apa nikalibe kuiphika pamodzi."

Ndinatuluka ndikumwetulira ngati ndapambana mpikisano. Ndipo giya yachitatuyo, pakati pa inu ndi ine, imachedwadi.