Bokosi la Maloko Awiri la Mayi Pauline

Mbava zina zimapangira mapulani m'mabala akuluakulu, mabotolo ali mbwee pathebulo. Gulu la a Lloyd Mapulani linkapangira pabenchi ya mayi Amisa, kuseri kwa msika wa Zomba, aliyense atagwira kapu ya thobwa. Musaseke ayi, eni akewo ankati imeneyo ndi ofesi.

Analipo atatu. A Lloyd ndiwo anali bwana, ndipo dzina loti Mapulani anachita kudzipatsa okha. Wachiwiri anali Abasi, woonda ngati bango, yemwe ankamutchula kuti Kamphepo chifukwa zinthu zikavuta ankayamba kuthawa anzake asanadziwe n'komwe kuti zavuta. Wachitatu anali Hamilton, chimunthu chamimba, chofatsa, aliyense ankangoti Dzungu. Dzungu yekha ndiye anafika Sitandade 8, choncho ntchito yake m'gulumo inali kunyamula katundu ndi kuwerengera anzake zikwangwani.

A Mapulani ankanyada kuti chiyambire sanagwidwepo. Zinali zoona ndithu, kungoti sanabeponso kanthu kooneka. Tsiku lina anaba nkhuku ku Mbedza, nkhukuyo inapulumuka n'kukafika kwawo iwo asanatulukire pamsewu. Ulendo wina anaba njinga ku Mtiya, atayenda pang'ono n'kuzindikira kuti ilibe tcheni. Ndiye tsiku limeneli Kamphepo anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Bigi, tisanamizanepo," anatero. "Dilu ino ikafanso, ubwana ukusintha. Ine ndakonzeka kale."

Mawu amenewa anawalasa a Mapulani pamtima. Munda analibe, njinga analibe, ngakhale nkhuku ija analibe. Chimene anali nacho padziko lapansi n'chimodzi, ubwana wolamulira anthu awiri, ndipo ankaukonda koopsa.

"Amwene, khalani phee mumve za akuluakulu," anatero, n'kuviika chala m'thobwa kuyamba kujambula pabenchi. "Apa ndi pamene msewu umayambira kukwera phiri. Iyi ndi nyumba ya mayi Pauline, aphunzitsi opuma aja. M'kachipinda ka pakhonde muli bokosi lachitsulo. Loweruka lililonse m'mamawa amalitulutsa anthu awiri, akubuula. Ndaliona ndi maso angawa. Maloko ake ndi awiri. Awiri! Tandiuzeni, munthu angakhomere maloko awiri chinthu chachabe?"

"Mwina muli nyemba," anatero Dzungu.

"Nyemba! Mwana wawo ali kunja, iwe. Mmenemo muli mafoni ndi malaputopu. Lachisanu masana mayiwo amapita kukwaya. Tikalowa, tikanyamula, kenako tithawira kumtunda. Mbava zopanda sukulu zimathawira kumunsi, kudepoti, n'chifukwa chake zimagwidwa. Ndani angaganize kuti munthu wakwera phiri ndi bokosi?"

"Inu a Lloyd!" anakalipa mayi Amisa ali patali. "Benchi yanga si bolodi. Pukutani!"

Bwana wa gulu anapukuta ndi malaya ake.

Lachisanu linafika. Kuba kwenikweniko kunayenda bwino moti a Mapulani anachita kudabwa okha. Chitseko cha kachipinda chinali chongomanga ndi waya. Analikweza bokosi pawilibala yobwereka, n'kulifunditsa chitenje, ulendo wa kuphiri.

Koma abale, phiri la Zomba ukamaliona uli kumsika limaoneka laulemu. Likwere ndi wilibala uone! Wilibalayo inkalira kwiii, kwiii, ngati ikuitana apolisi. Dzungu ankakankha, Kamphepo ankakoka ndi chingwe, a Mapulani ankayenda pambali kupereka malangizo. Anakumana ndi azibambo otsika ndi njinga za nkhuni, onse n'kuima kuwayang'ana.

"Mwanyamula chiyani, achimwene?"

"Mbatata!" anayankha a Mapulani.

"Mbatata timatsika nayo, inu mukukwera nayo?"

A Mapulani anangoti anthu amenewa alibe mwambo, tiyeni.

Atafika m'nkhalango ya paini, nyengo inatembenuka. Chifunga chinatsika, kamvula kowaza kanayamba, mphepo yake yolowa mpaka m'mafupa. Anapeza kachisakasa kosiyidwa ndi ocheka matabwa n'kulowamo akunjenjemera. Dzungu anatola mwala. Gu! Loko woyamba pansi. Gu! Wachiwiri pansi. A Mapulani anapukuta manja pathalauza, anakhosomola ngati nduna yotsegulira mlatho, n'kutukula chivundikiro.

Mabuku. Pamwamba mabuku, pakati mabuku. Kamphepo anapisa mkono mpaka pansi penipeni, n'kutulutsa buku lina lojambulidwa galu wovala chipewa. Onse anali mabuku a ana, a nkhani zoseketsa, za maulendo, za ana ofufuza zinsinsi, makona ake opindikapindika ndi tizala tambirimbiri.

A Mapulani anagwira kumutu.

"Malaputopu aja ndi amenewa, bigi?" anafunsa Kamphepo mokoma kwambiri. "Chabwino. Kuyambira pano bwana ndine. Lamulo langa loyamba: Dzungu, ng'amba mabukuwo tikoleze moto, ndafa nako kuzizira."

Dzungu anatola buku limodzi, n'kulitsegula kuti ang'ambe. Koma munthu wozolowera kuwerenga zikwangwani, maso akaona zilembo pakamwa pamayamba pokha.

"Lolemba m'mawa, belu la pasukulu ya Kamphande silinalire. Ana atathamangira pamtengo wa mbawa, anapeza chingwe chokha chikulendewera."

"Ng'amba, iwe!" anatero Kamphepo.

"Taimani kaye," anatero a Mapulani. "Belu alibe? Masana kapena usiku? Analinyamula bwanji? Belu ndi lolemera, amwene, imeneyo ndi ntchito ya akatswiri. Tawerenga pang'ono timve mmene anzathuwo anachitira."

Pang'ono pajapo panakhala tsamba, tsamba linakhala mutu. M'bukumo munali mtsikana wochenjera dzina lake Bushra, yemwe analumbira kuti apeza wakubayo. Anapeza mapazi a nsapato imodzi yokha m'matope. Anapeza nyenyeswa za zitumbuwa pansi pa mtengo. Anapeza kuti chingwe anachidula ndi mpeni wobuntha. Moto unaiwalika. Kamphepo, yemwe sankakhala pamalo amodzi chibadwire, anali atakhala pansi, chibwano chili pamaondo. Dzungu akaima kuti ameze malovu, onse awiri ankakuwa, "Pitiriza!"

"Ndi mayi wa zitumbuwayo," anatero Kamphepo. "Nyenyeswa zija sizinama."

"Ine ndikuona ngati aphunzitsi a masewero," anatero Dzungu. "Amayankhula mokoma kwambiri."

A Mapulani anaseka mwachifundo. "Ana inu, ntchitoyi simunaidziwe. Ndi mlonda. Nyenyeswazo anamwaza dala kuti anamizire mayiyo. Ine ndikanatero. Mutu wa bwana umaona patali."

"Bwana wake uti? Wa mabukuyu?" anaseka Kamphepo.

Apa a Mapulani anaona kampata kopulumukira, ndipo analowapo ndi miyendo yonse iwiri. "Tipangane. Akapezeka kuti ndi mlonda, ubwana ndi wanga mpaka kalekale. Akakhala wa zitumbuwa, utenge. Amene amadziwa maganizo a mbava ndiye woyenera kutsogolera mbava."

Anagwirana chanza. Dzungu anapitiriza, kunja kukuyamba kuchita mdima. Bushra anasonkhanitsa sukulu yonse pansi pa mbawa. Anakwera pampando. Anatukula dzanja, n'kuloza, n'kunena kuti, "Amene anaba belu lathu ndi…"

Dzungu anatembenuza tsamba. Anatembenuzanso. Panalibe tsamba lina, koma kapepala komata pachikuto, kolembedwa bwinobwino ndi dzanja la mphunzitsi. Anawerenga mokweza.

"Mathero a nkhaniyi ali kwa mayi Pauline. Bweza buku lili bwino, udzawerengere pakhonde."

"Mayo ine!" anakuwa Kamphepo.

Anakhuthula bokosi lonse. Buku lililonse linali chimodzimodzi. Kumeneko ndiye kunali kuchenjera kwa mayi Pauline. Kale ana ankabwereka mabuku osabweza, ena n'kukutira mandasi. Ndiye mayiwo anayamba kudula mutu womaliza wa buku lililonse ndi lezala, n'kuusoka pawokha, n'kumausunga m'chikwama chimene sichinkachoka pamkono pawo. Chiyambire zimenezo, palibe buku linasowapo.

Kunacha a Mapulani asanaone tulo. Njala inalipo, kuzizira kunalipo, koma chimene chinkawadya ndi mlonda uja. Anali iyeyo kapena ayi? Ubwana wawo wonse unali m'chikwama cha mayi wopuma pantchito.

"Ndapeza pulani," anatero m'mawa. "Lero ndi Loweruka. Nditsika ndi bukuli ngati kholo lobweza buku la mwana wake. Ndiwerenga mathero, ndibwera kudzakuuzani."

"Muwerenga ndinu?" anafunsa Dzungu.

"Ndiye tipita awiri."

"Kuti mukagwirizane zondinamiza?" anatero Kamphepo. "Ndikamve ndekha ndi makutu angawa."

Nanga bokosi? Kulisiya m'nkhalango anaopa kuti ena angabe, poti masiku ano anthu ndi osakhulupirika. Choncho analikwezanso pawilibala, natsika nalo mpaka kufupi ndi nyumba ija, n'kulibisa kuseri kwa mpanda wa maluwa, chitenje chili pamwamba. Mwa atatu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi buku lobedwa dzulo, kholo lalipeza kuti.

Pakhonde pa mayi Pauline panali ana oposa makumi atatu, onse nkhope zili zakugwa. Pambali panaima wapolisi wamkazi, sajeni Modester, akulemba m'kabuku. Kamphepo ataona yunifolomu miyendo inayamba yokha kuloza kuchipata, koma mtima unakana. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anaima.

"Odi, mayi," anatero a Mapulani, atavula chipewa. "Ndine bambo ake a… a mwana. Wandituma ndibweze bukuli. Akuti timuwerengereko mathero."

Mayi Pauline, mayi wamfupi wa magalasi, analandira bukulo, analiyang'ana, n'kuwayang'ana alendowo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Thalauza matope okhaokha, tsitsi lodzaza masamba a paini.

"Mwachita bwino, bambo. Awanso ndi makolo a mwana yemweyo?"

"Amalume ake," anatero Dzungu.

"Banja lokonda kuwerenga! Khalani pamzere. Pano mathero timawerenga motsatana, wobwera kale ndiye woyamba."

Ndiye mbava zoopsa za mu Zomba zinakhala pansi, kumbuyo kwa kamtsikana ka Sitandade 4, miyendo itapindidwa. Kamtsikanako kanatembenuka, kanaona chikuto cha buku lija m'manja mwa mayi Pauline, n'kudzuka.

"Madamu! Limenelo ndi la belu! Ndinabweza ine Loweruka latha, munaliika m'bokosi ndikuona!"

Nthawi yomweyo ana ena amene ankasewera kumpanda anakuwa kuti apeza wilibala. Sajeni Modester anatseka kabuku kake mosapupuluma. Sanathamange, poti panalibe womuthamangitsa.

"Tsiku la fote lakwana, akuluakulu. Tiyeni."

"Sitinagwidwe ife," anatero a Mapulani akuimirira. "Mulembe bwino pamenepo. Tabwera tokha." Kenako anatembenukira kwa mayi Pauline, manja ali pamodzi, ulemu wonse wa ubwana atautaya. "Mayi, chonde. Tsamba limodzi lokha. Dzina lokha basi. Ndi mlonda eti?"

"Lamulo lake munaliwerenga," anatero mayiwo. "Bweza buku lili bwino. Inu mwandithyolera maloko awiri, mabuku anyowa. Mukakamaliza za kupolisi mudzabwere, mudzawayanike, mudzakhale pamzere."

A Mapulani anayang'ana ana aja. Ana makumi atatu, onse odziwa yemwe anaba belu! "Iwe mwana, tandinong'oneza. Ndikugulira switi."

"Mathero sauzana!" anayankha onse pamodzi ngati ali m'kalasi.

Anatsika msewu wa kutawuni, sajeni Modester ali pambuyo, Dzungu akukankha wilibala yopanda kanthu kuti ikakhale umboni. Ogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, koma a Mapulani sankawamva n'komwe. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyenda pafupi ndi sajeniyo.

"Bwana, pepani. Inuyo bukulo munaliwerengako?"

"Ndili Sitandade 6, pakhonde pomwe paja."

"Ndiye tithandizeni, nkhani yake ndi yaikulu. Ine ndikuti mlonda. Uyu akuti mayi wa zitumbuwa. Uyo akuti aphunzitsi a masewero. Wolondola ndiye bwana wa gulu."

Sajeni Modester anayenda masitepe angapo akuluma milomo kuti asaseke.

"Mathero sauzana," anatero. "Koma poti mwabwera nokha, ndikuuzani chimodzi. Nonse atatu mwaphonya."

A Mapulani anaima chilili pakati pa msewu. Kutengedwa ndi apolisi sikunawalize, kuseka kwa anthu sikunawalize, koma apa misozi inalengeza.

"Nonse?" anafunsa ndi mawu aang'ono. "Nanga ndani?"

"Yendani, bambo," anatero sajeni. "Polisi ili kutsogoloku."