Ochemerera a Tadala

Lolemba

Tadala waimba foni ndili m'basi kuchokera kuntchito kuchipatala. Akuti kochi wamusankha kuti apite nawo ku Middlesbrough Loweruka, kumasewero a chikho. Ine Chichewa, iye Chingerezi, monga mwa masiku onse.

Mwana wangayu pano ali mu timu ya basiketibolo ya amayi ku Manchester, yolipidwa ndithu, ndipo ine sindinamuonepo akusewera chichokereni kusekondale. Shifiti, shifiti, shifiti. Anasiya kalekale kundiitana. Leronso sanandiitane, wangondiuza.

Ndiye ndaganiza: sindipita ndekha, ndipita ndi Bolton yense, tauni tikukhalayi. Minibasi, ng'oma ya kutchalitchi, zitenje zofanana, mandasi. Ndalemba pagulu lathu la amayi la pafoni. Aliyense akuti "tilipo". Minibasi imodzi sikwana!

Lachiwiri

Tsiku lofotokoza. Amake Chisomo akufunsa ngati ndi fainolo. Ayi. Chikhochi chimaseweredwa mkati mwa ligi. Mukagonja mwatuluka, koma ligi ikupitirira. "Ndiye akaluza sizikutha?" Sizikutha. "Nanga tikuvutikiranji?"

Anaphiri, amene ankasewera netibolo ku Zomba, akuti mpira wothamanga nawo ndi wopanda mwambo. Akufuna kudziwa ngati Tadala ndi shuta kapena senta. Ndayankha kuti amasewera paliponse. Zoona zake, sindikudziwa. Nthawi yonse yopuma ndakhala foni ili m'manja, ndikufuna kumufunsa, koma manyazi. Mayi ake enieni, kufunsa lero?

Lachitatu

Anthu ayamba kuyoyoka.

Amake Chisomo: mwana ali ndi tyushoni ya masamu.
Awiri: awaitana kunyumba yosamalirako okalamba, kwachepa antchito.
Anaphiri: bondo.
A Gondwe, eni minibasi: "Middlesbrough? Ine ndimamva ngati Middleton, pafupi pompa."

Abusa akuti ng'oma ya Mulungu sipita kumpira. Sindinatsutse. Ndikungokumbukira kuti inapita ku ukwati wa mlamu wawo ku Leeds, ndipo zimene tinavina kumeneko sizili m'buku la nyimbo.

Lachinayi

Minibasi yasanduka galimoto ya a Mwanza, bambo wa ku Zambia amene amagwira kulabotale yathu. Amakonda masewero alionse bola pali mpira. Tatsala anayi.

Zitenje zafika. Zobiriwira, zokongola. Ndamutumizira Tadala chithunzi, ndipo waimba nthawi yomweyo. Wobiriwira ndi mtundu wa timu inayo. Kenako wafunsa kuti zitenje zambirimbirizi n'za ndani. Ndaulula zonse.

"Amayi, mwina sindilowa n'komwe. Ine ndine watsopano. Ndikhoza kukhala pabenchi mpaka mapeto."

Zimenezi sindinaziganizire. Sabata yonseyi ndakhala ndikumuona m'mutu mwanga akugoletsa, anthu akundigwira dzanja. Gulu lija ndimamusonkhanitsira iye, kapena ndimafuna mboni zoti ine ndinapita?

Lachisanu

Galimoto ya a Mwanza yakana kulira. Aikankha ndi aneba mpaka kumapeto kwa msewu, kenako aikankhanso kubwerera. Awiri otsalawo atamva za sitima, akumbukira kuti ali ndi chimfine.

Mandasi ndinali nditakazinga kale, a minibasi yonse. Nyumba yonse fungo la mafuta, alamu ya utsi kulira.

Chimodzi chokha chayenda: mnzanga wa muwodi wavomera kundigwirira shifiti ya mawa. Tatsala awiri, ine ndi ndowa ya mandasi.

Loweruka

Mvula. Sitima, kusintha, sitima ina, kudikira. Ndafika masewero atayamba kale. Pakhomo akuti chakudya sichilowa. Ndowa yatsala ndi mlonda.

Holo yake ndi yaing'ono kuposa momwe ndimaganizira, koma yadzaza. Makolo, agogo, atsikana ang'onoang'ono atavala majezi ofika m'mawondo. Nsapato kulira pansi ngati mbewa. Ng'oma ija sikanamveka n'komwe, ali nazo zawo.

Tadala ali pabenchi. Mpira sindikuutsata, ndikungoyang'ana iye. Sakukhala pansi. Akukuwa, akuloza, akupereka mathaulo. Mnzake akatuluka atatopa akumugwira m'mapewa n'kumunong'oneza, mnzakeyo n'kuseka. Mwana amene kunyumba amayankha ndi mutu! Munthu ameneyu sindimamudziwa, ndipo anzakewa akumudziwa bwino.

Chakumapeto, timu yathu ili m'mbuyo kwambiri, kochi wamukodola. Wavula jekete. Walowa. Akuthamanga, akutchinga mtsikana wamtali ngati chitseko, wezulo yalira, ndipo pa chimkuzamawu ndamva dzina lake lonse, ndi la bambo ake lomwe, molakwika koma lomwelo. Ndaimirira. Nthungululu yatuluka yokha, yaitali, ya paukwati. Holo yonse yatembenuka. Ndapitiriza.

Tagonja. Tatuluka m'chikho. Iwo abwerera pa basi ya timu, Tadala wangondibayibitsa pawindo. Mlonda wandibwezera ndowa yopepukako, akuti anangolawa.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akufunsa. "Tatuluka." Amake Chisomo akuti mwamwayi sitinavutike. Anaphiri, bondo litachira, akuti chaka chamawa tidzapita tonse. A Mwanza okha ndi amene afunsa ngati mwana analowa.

Masana Tadala wabwera, wakhala kukhitchini mwendo uli pampando, akudya mandasi ozizira amene kochi amaletsa. Wandifotokozera bwinobwino, ngati momwe ine ndimafotokozera odwala za mankhwala. Dzina lake analitchula chifukwa anachita faulo. Anamumenya mtsikana uja pamkono. Nthungululu yanga inali yochemerera mlandu, ndipo anzake akhala akuiyeserera m'basi njira yonse.

Ndamufunsa ngati anachita manyazi. Akuti inde, kwambiri. Watafuna pang'ono, kenako, osandiyang'ana, wafunsa ngati ndili pantchito Loweruka likubwerali, kuli masewero a ligi ku Manchester, pafupi pompano.

Ndili pantchito. Ndikubweza shifiti ya dzulo.

Ndamuuza. Wagwedeza mutu, wafunsa za Loweruka linalo.