Tsiku Limene Boma Linalanda Milamba Pamodzi ndi Mwana Wanga

Mpaka lero ndikamadutsa pa Boma pa Chiromo ndimafunda nsalu kumutu, chifukwa amesenjala akangondiona amayamba kununkhiza m'mwamba ngati amva fungo la nsomba. Wolakwa ndine ndemwe, lekani ndiulule.

Zuze wanga anali ndi miyezi isanu. Woyamba ndinamuika m'manda asanakwawe, ndiye uyu ndinkangomulondera: akayetsemula ine mtima phaa, akagonetsa ndinkamutsina kuti ndione ngati akupuma. Bambo ake anali kudambo kokapha nsomba ndi mwadiya, bwato lawo, sabata yachiwiri.

M'mawa umenewo mlamu wanga Malita anatulukira akuthamanga, mtsuko wopanda madzi.

"Mlamu, bisani mwana! Amesenjala ali mumzere mwathu muno, khomo ndi khomo. Akuti nzotemera nthomba. Wina kutsidya anamutema, mkono unatupa ngati munsi!"

Pamtengo wa kumsika panali pepala la Boma, lokhomedwa dzana lake. Ine ndinafika Sitandade 2 kumishoni, mzere wonse umabwera kwa ine kuti ndiwawerengere makalata a ku Halale. Koma pepalalo ndinkalilambalala (pepala la Boma linayamba labweretsapo nkhani yabwino?).

Ndinaunguza m'nyumba. Kuseri kwa mphasa? Aoneka. M'nkhokwe? Makoswe. Pakhonde panali dengu lalikulu la milamba yowamba, yoti ndikagulitse kwa anthu a pasitima. Ndinamuyamwitsa mpaka tulo, ndinayala nsalu m'dengumo, kumugoneka, milamba pamwamba mopepuka, kampata ka mphuno kusiya. Kenaka ndinakhala pansi nkumapeta mapira ngati mkazi amene sanaberekepo.

Anafika a Bitoni, mesenjala wamkulu, chisoti chofiira, ndodo kukhwapa.

"Mwadzuka bwanji, mai? Kamwana kaja kali bwanji?"

"Mwana uti, bambo?" (Apo mkaka uli chuchuchu pansalu.)

Anandiyang'ana, sanafunsenso. Analoza dengu ndi ndodo.

"Inu ophunzira, pepala lija simunaliwerenge? Nsomba sizisungidwanso m'makomo, zikuitana makoswe. Malo ake ndi kushedi ya kumsika. Zopezeka pakhomo, ku Boma."

Akaidi onyamula katundu anali atatsogola kale ndi madengu a anzanga. A Bitoni anavula chisoti, nasenza langa okha.

Abale, nditani? Ndinene? Andimanga chifukwa chobisira Boma mwana, nkumutemanso. Ndikhale chete? Anthu amati zolandidwa amazitentha kuseri kwa ndende. Ndinangoyamba kuwatsata, maso padengu, Malita m'mbuyo manja ali kunkhongo.

"Bambo, yendani pang'onopang'ono, nsombazo sizifuna kugwedezeka."

A Bitoni anangopitiriza ulendo.

"Bambo, bwanji tidzere mumthunzi? Zingatenthedwe."

"Mai, ndadya mlamba chibadwire changa. Wowamba kale nkuopanso dzuwa?"

Tinadutsa pamsika, amai ogulitsa mchere akuseka kuti onani uyo, akulira maliro a nsomba. Tinaoloka njanji, iwo anapunthwa pang'ono, ine ndinakuwa kuti "Mayo, mutu wake!" Anatembenuka, dengu lonse kutembenuka nawo.

"Mutu wa yani?"

"Wa... mlamba waukuluwo, bambo."

Titangofika pa mbendera ya Boma, madzi anayamba kutsika m'dengu, kudzera kuseri kwa khutu lawo, mpaka m'khosi mwa yunifolomu. Anaima. Anagwira pakhosi, nanunkhiza chala.

"Mlamba wouma ukudontha madzi ofunda?"

Pompo sitima inalira pamlatho, ndipo dengu linayankha: ng'aaa!

Sindinaonepo munthu akutula katundu mofatsa chotero. Anachotsa nsomba imodzi imodzi, ndipo uyo Zuze, thukuta lili kamukamu, kachipsepse ka mlamba kali m'manja. Ndinamutsomphola, ndinagwada pafumbi pomwepo, ndinakhuthula zonse: za nthomba, za munsi, za woyamba uja.

A Bitoni anapinda malaya nandionetsa chipsera pamkono.

"Mwanangu, ichi anandilemba kwathu ku Mbenje ndili mnyamata. Abale anga awiri anathawira m'bango kuopa kutemedwa. Wotsala ndine." Anapukuta khosi ndi chisoti. "Otemera akubwera mwezi wamawa, ndidzakutengani ndekha. Koma tsiku limenelo mudzamubereke kumsana. Mutu wanga watopa."

Nsomba anandibwezera kuti ndipite nazo kushedi (akuti Boma silisunga zokodzeredwa). Ndinangothokoza mwa chikwathu kuti takhuta, takhuta.

A Bitoni anabweradi. Pomutema anamugwira ndi iwo, ine nditatsinzina, ndikulira kuposa mwini mkono. Unatupa pang'ono, unaphwa. Dzina la Zuze lokha ndilo linafera m'dengu muja: Chiromo yense amamutcha Mlamba, ndipo amavomera.

Masiku ano pepala la Boma ndimaliwerenga kawiri, mokweza, Malita ali pambali kuti amve yekha. Dzulo akhoma lina, la zimbudzi, za ana mulibemo ngakhale liwu limodzi. Komabe dengu lija sindinalitaye. Lili kuseri kwa chitseko, nsalu yoyaliratu.